Kuphunzitsa ndi pulojekita, foni ndi tabuleti: zoyenera kukonza ndi zimene zimavuta m'kalasi

Musanalumikize chingwe chilichonse, tsegulani ndondomeko ya phunziro, mupeze malo amodzi pamene ana amasokonezeka chaka ndi chaka. Mwina ndi pophatikiza mafulakishoni, mwina ndi pofotokoza mmene magazi amayendera mumtima, mwinanso ndi paja mumafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse n'kuvomera, koma makope n'kudzaonetsa zina. Malo amenewo ndiwo akuuzeni chipangizo chofunika. Pali ntchito ziwiri zimene zipangizo zamakono zimaposa choko. Yoyamba ndi kuonetsa chinthu choyenda kapena chosaoneka ndi maso. Yachiwiri ndi kuthandiza mphunzitsi kudziwa msanga zimene zili m'mutu mwa mwana aliyense, osati atatu okha aja okonda kukweza manja. Ngati phunziro silikufuna chimodzi mwa ziwirizi, bolodi ndi choko n'zokwanira.

Tikunena izi chifukwa zinayesedwa kale. Ku Peru boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child m'masukulu a pulayimale a kumidzi. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012, woona masukulu 319 patatha miyezi 15, anapeza kuti ana anazolowera kompyuta ndithu, koma masamu ndi chilankhulo sizinakwere. Mu 2015 bungwe la OECD linanenanso kuti mayiko amene anaika ndalama zambiri pa makompyuta a m'masukulu sanaone kusintha kwenikweni pa kuwerenga, masamu ndi sayansi. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe kanali kakale komwe kaja. Choncho zimene zili m'munsimu zikukhudza mbali zonse ziwiri, chipangizo ndi zimene mwana akuchita chipangizocho chikayaka.

Pulojekita ndi mwana wa kumbuyo

Kuwala kwa pulojekita kumayezedwa m'ma lumen. M'kalasi ya mawindo opanda makatani pamafunika pafupifupi ma ANSI lumen 3,000 mpaka 3,500. Tipulojekita tating'ono ta LED tambiri sitifika ngakhale 1,000, ndiye timangooneka bwino m'chipinda chamdima. Ngati simungathe kuphimba mawindo onse, phimbani awiri oyandikana ndi khoma limene chithunzi chikugwera, chifukwa ndiwo amachifufutitsa. Osachititsa mdima kalasi yonse: ana ayenera kuona makope awo ndi kulemba.

Kukula kwa chithunzi muziwerengera kuchokera pa mpando wakumbuyo kwenikweni. Mtunda wochokera pa khoma kukafika pa mpandowo usapitirire kutalika kwa chithunzi kuchulukitsa ka 6. Ngati mwana womaliza ali pa mamita 9, chithunzi chikhale mita imodzi ndi theka kuchoka pansi kukafika pamwamba, ndipo mulifupi chikhala pafupifupi mamita 2 kapena kuposerapo. Mapulojekita ambiri wamba amafuna kuima pafupifupi mamita 3 kuchokera pa khoma kuti atulutse chithunzi chotere. Chikwezeni kuti mitu ya akutsogolo isatseke mzere wapansi. Zilembo zisachepere pa saizi 24, ndipo 28 ndi 32 ndizo zabwino. Njira yotsimikizira ndi imodzi yokha: pitani mukakhale pa mpando wakumbuyowo masana dzuwa likuwala, muwerenge nokha.

Zovuta zake zimabwerezabwereza. Khoma likalemba kuti "No signal", onani kaye ngati pulojekita yasankha khomo limene mwalowetsa chingwe, HDMI kapena VGA, podina batani la Source kapena Input. Zikakanikabe, pa laputopu ya Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate. Vidiyo ikamayenda popanda mawu, kawirikawiri chifukwa chake ndi chingwe: cha VGA chimanyamula chithunzi chokha, pamene cha HDMI chimatumiza mawu ku kasipika ka mkati mwa pulojekita kamene sikamveka kumbuyo. Lumikizani sipika yapadera pa laputopu ndipo musankhe iyoyo pa chizindikiro cha mawu. Pulojekita ikamazima yokha pakati pa phunziro, yatentha. Tsegulani sefa ya mpweya mupukute fumbi, makamaka la choko limene limadzaza msanga, ndipo musaiike pa nsalu kapena moigunditsa ku khoma. Pozimitsa, dinani batani lake, mudikire fani isiye kulira, kenaka muzule pulagi. Babu la pulojekita wamba limakhala maola masauzande ochepa chabe, ndipo kulizimitsa mwadzidzidzi lili lotentha kumalifupikitsira moyo. Za LED ndi za laser zimafika maola 20,000.

Kumene magetsi amathimathima, werengerani batire musanalidalire. Batire la 12 V ndi 100 Ah limasunga 1,200 Wh (mphamvu yofanana ndi 1,200 W kwa ola limodzi), koma ngati ndi la lead-acid, la mtundu wa batire la galimoto, musalitsitse kupyola theka, apo ayi lifa msanga. Zatsala 600 Wh, ndipo inverter, imene imasandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pa soketi, idyapo pafupifupi 15 peresenti, kutsala 500 ndi pang'ono. Pulojekita ya babu imakoka pafupifupi 280 W, laputopu 50 W, zonse 330 W. Ndiye kuti muli ndi ola limodzi ndi theka basi, osati tsiku lonse. Ikaninso surge protector, yotchinga magetsi obwera mwamphamvu kwambiri, pakati pa soketi ndi zipangizo, chifukwa magetsi akamabwerera ndi pamene zambiri zimapsa.

Chinthu chaching'ono koma chothandiza kwambiri: mu PowerPoint, masilaidi akuonetsedwa, batani la B limadetsa khoma lonse. Lidineni nthawi iliyonse imene mukufuna kuti maso abwerere kwa inu. Mwana sangamvetsere mphunzitsi kwinaku akuwerenga ndime yaitali pakhoma. Richard Mayer, amene wafufuza kwa zaka zambiri za kuphunzira ndi mawu pamodzi ndi zithunzi, anasonyeza kuti chithunzi chofotokozedwa ndi pakamwa chimamveka bwino kuposa chithunzi chomwecho chikawonjezeredwa mawu omwewo olembedwa. Silaidi ikhale ndi chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa otchula zigawo zake. Zina zonse muzinene nokha.

Funso limodzi, kalasi yonse iyankhe

Apa ndi pamene foni imodzi ya mphunzitsi imagwira ntchito yaikulu. Pulogalamu ya Plickers imagwiritsa ntchito makhadi osindikizidwa papepala. Khadi lililonse lili ndi nambala yake ndi chizindikiro chakuda cha mbali zinayi, A, B, C ndi D. Mwana amakweza khadi ataika pamwamba chilembo cha yankho lake, mphunzitsi n'kuyendetsa kamera ya foni kuchoka mbali ina ya kalasi kukafika mbali ina, ndipo m'masekondi ochepa aona amene wasankha chiyani. Zilembozo n'zazing'ono ndipo chizindikiro cha khadi lililonse n'chosiyana, motero wapafupi sangaonere. Makhadi alipo mpaka 63. Kalasi ikaposa apo, ana awiri agwirizane yankho pa khadi limodzi. Mayina ndi mafunso mumakonzeratu pa intaneti. Makhadiwo muwamate pa katoni, ndipo ngati mukuwakuta ndi pulasitiki, isakhale yonyezimira chifukwa kamera imalephera kuwerenga. Auzeninso ana kuti agwire m'mphepete moyera, zala zisakhudze chakudacho. Kumene ana ali ndi zipangizo zawo ndi intaneti, Kahoot kapena Google Forms zimachita zofanana, ngakhale kuti Kahoot imapereka mapointi ambiri kwa wofulumira, ndipo zimenezi zimaphunzitsa ana kudina asanaganize. Pa funso lofuna kuganiza, wonjezerani nthawi kapena muchotse mapointi.

Mphamvu yonse ili m'funsolo. Yankho lolakwika lililonse likhale ndi nkhani yake. Tiyerekeze kuti mwalemba pakhoma 1/2 + 1/3, mayankho ake A ndi 2/5, B ndi 5/6, C ndi 1/6, D ndi 2/6. Wosankha A waphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha. Wosankha C wachulukitsa m'malo mophatikiza. Wosankha D wapeza 6 wapansi molondola koma sanasinthe apamwamba. Awa ndi matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Mukadzaza mayankho ndi manambala ongopeka, foni ingokuuzani kuti ana 20 alakwa, osakuuzani chifukwa.

Mukafunsa, musathamangire kukweza makhadi. Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi a sayansi cha m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa funso la masamu ngati ili, perekani masekondi 40 aliyense ali chete ndi kope lake, kenaka nenani kuti "Kwezani", onse pamodzi.

Zotsatira zikabwera, musaulule yankho. Njira imene Eric Mazur anayambitsa ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 imathandiza apa. Ngati okhoza ali pakati pa 30 ndi 70 pa 100 alionse, auzeni kuti aliyense apeze mnzake wa yankho losiyana, akambirane kwa mphindi ziwiri, ndipo muvotetsenso. Kawirikawiri okhoza amachuluka, chifukwa mwana amene wangomvetsa kumene amakumbukira bwino pamene panamuvuta. Okhoza akachepera 30, kukambirana kungofalitsa cholakwa, ndiye fotokozaninso nokha mwa njira ina, monga kujambula mzere wogawidwa pa 6. Akaposa 70, mmodzi afotokoze mwachidule, mupitirire. Mafunso atatu kapena anayi pa phunziro la mphindi 40 ndi okwanira. Ndipo musaonetse pakhoma mayina a olakwa. Onetsani chiwerengero chokha. Mwana akachititsidwa manyazi kamodzi, ulendo wotsatira adzayang'ana kwa mnzake m'malo moganiza.

Funso limodzi mwa amenewa lizichokera ku phunziro la sabata yatha kapena mwezi watha. Ofufuza Roediger ndi Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene anayesa kukumbukira zimene anawerenga anazisunga bwino patatha sabata kuposa amene anangowerenganso.

Kuonetsa zosaoneka

Mapulogalamu oyerekezera sayansi a PhET, a ku University of Colorado Boulder, anayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001. Ambiri mwa iwo mutha kuwakopera ngati fayilo imodzi ndi kuwatsegula popanda intaneti. Pa masamu pali GeoGebra, imene mumakoka ngodya ya thirayango ndi mawusi ana n'kumaona madigiri akusintha koma onse pamodzi akukhalabe 180.

Cholakwika chofala ndi kuyendetsa pulogalamu ana akungoonerera ngati filimu. Dongosolo lake likhale ili: alosere, aone, afotokoze. Titenge Circuit Construction Kit ya PhET, imene mumalumikiza mabatire, mawaya ndi mababu pa sikirini. Ikani batire la 9 V ndi babu limodzi la ma ohm 10. Ammeter, yoyezera magetsi oyenda mu waya, iwerenga 0.9 A. Tsopano konzani babu lachiwiri pamzere womwewo, koma musatseke switchi. Funsani kuti: babu loyandikana ndi batire liwala kuposa linzake, kapena awala mofanana? Aliyense alembe yankho ndi chifukwa chake m'kope, avote. Ambiri anena kuti loyamba liwala kwambiri chifukwa "limadya" magetsi linzake lisanalandire. Tsekani switchi. Awala mofanana, onse mozilala kuposa poyamba. Itanani mwana wosankha yankho lolakwika abwere adzaike ammeter babu loyamba lisanafike, kenaka pakati pa mababu, kenaka kuseri kwa lachiwiri. Malo onse atatu iwerenga 0.45 A. Apo chotsani chithunzi pakhoma, aliyense alembe ziganizo ziwiri zofotokoza kusiyana kwa zimene analosera ndi zimene waona. Mawa lake konzani mababu omwewo lililonse panjira yakeyake: lililonse lilandira 0.9 A, batire litulutsa 1.8 A, ndipo mukachotsa limodzi linzake silizima. Ngati mabatire, mawaya ndi mababu enieni alipo, agwire enieniwo. Pulogalamu ibwere kudzaonetsa zimene maso sangaone mkati mwa waya.

Mavidiyo nawonso amafuna dzanja la mphunzitsi. Kafukufuku wa mu 2014 wa Philip Guo ndi anzake, woona mmene anthu ankaonerera mavidiyo a maphunziro pa webusaiti ya edX, anapeza kuti chidwi chimatsika kwambiri vidiyo ikapitirira mphindi 6. M'kalasi ya ana, mphindi zitatu kapena zinayi n'zokwana. Ionereni yonse nokha dzulo lake, mulembe malo awiri oimitsira. Lembani funso pabolodi vidiyo isanayambe kuti ana adziwe chimene akufufuza. Ngati wolankhulayo akuthamanga kapena chilankhulo n'chovuta kwa ana, zimitsani mawu mufotokoze nokha, kapena muchepetse liwiro mu VLC, pulogalamu yoonetsera mavidiyo.

Pali chipangizo china chimene chili kale m'thumba mwanu. Jambulani ndi foni kope la mwana mmodzi, mutabisa dzina ndiponso mutamupempha, mulionetse pakhoma kuti kalasi ipeze mzere umene ntchito inakhota. Ana amachita chidwi ndi ntchito ya mnzawo kuposa chitsanzo choyera cha m'buku.

Intaneti isakhale mzati wa phunziro

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Vidiyo imene ili pa intaneti si yanu mpaka itakhala mu laputopu. Pangani dawunilodi zonse dzulo lake, muziike mu foda imodzi yolembedwa tsiku ndi kalasi, muzimitse Wi-Fi, muyese kutsegula chilichonse. Zimitsaninso mauthenga otulukira pa sikirini, kuopa kuti uthenga wanu wachinsinsi ungaonekere pakhoma, ndipo imitsani kaye ma update a Windows kuti kompyuta isayambe kudzikonza belu litalira.

Sukulu imene ili ndi matabuleti kapena makompyuta angapo itha kukhala ndi laibulale yakeyake popanda intaneti. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia yonse kapena mbali yake m'fayilo imodzi. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imasunga mavidiyo, mabuku ndi ntchito zoyeserera, ndipo imaonetsa mphunzitsi pamene mwana aliyense wafika. Mumaiika pa laputopu imodzi kapena pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, n'kuilumikiza ku rauta. Rautayo sifuna intaneti. Ntchito yake ndi kulumikiza zipangizo za m'chipindamo basi. Ana amatsegula Chrome kapena Firefox n'kulemba adiresi ya laputopuyo, monga 192.168.1.5:8080. Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa dongosololi. Rauta ikazima n'kuyakanso itha kupatsa laputopu adiresi ina, ana n'kumalemba yakale osapeza kanthu. Lowani m'makonzedwe a rauta muisungire laputopuyo adiresi yosasintha, muilembe pakhoma. Chachiwiri, rauta yaing'ono ya kunyumba imavutika zipangizo 20 kapena 30 zikamakoka mavidiyo nthawi imodzi. Lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe cha Ethernet m'malo mwa Wi-Fi, ndipo vidiyo yoti onse aone muionetse kamodzi pa pulojekita.

Mafulashi oyenda m'makompyuta ambiri ndiwo amabweretsa mavairasi, makamaka aja obisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Kompyuta yosunga zinthu za sukulu ikhale ndi fulashi yakeyake imodzi.

Matabuleti 8, ana 48

Kuchepa kwa zipangizo si chifukwa chozitsekera m'kabati. Gawani kalasi m'magulu atatu a ana 16. Gulu loyamba likhale pa matabuleti awiriawiri, lachiwiri likhale ndi mphunzitsi pa mfundo yovuta, lachitatu lilembe ntchito ya m'kope imene lingathe lokha. Gulu lililonse likhale mphindi 12 mpaka 15 pamalo amodzi, kusinthana kutenge mphindi ziwiri. Mukawerengera muona kuti m'piriyodi ya mphindi 40 sizikwana bwino, choncho gwiritsani ntchito mapiriyodi awiri otsatizana kapena mugawe pa masiku awiri. Ana awiri pa tabuleti imodzi si vuto, ndipo nthawi zambiri zimaposa mmodzi yekha chifukwa amalankhulana. Atatu ndiye malire. Wachinayi amangoyang'ana kudenga. Pa awiriwo, mmodzi agwire tabuleti, winayo anene chochita ndi kulemba, asinthane pakati pa nthawi. Mukapanda kuika lamuloli, wolimba mtima agwira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo amene amasiyidwa kawirikawiri ndi atsikana ndi ana ofatsa. Yang'anirani zimenezi mwadala.

Malangizo onse aperekedwe zipangizo zisanagawidwe, chifukwa sikirini ikayaka makutu amatseka. Gwirizanani chizindikiro chimodzi, monga mawu akuti "Vundikirani", chotanthauza kuti tabuleti iyang'ane pansi pa desiki, laputopu itsekedwe theka. Yeserani chizindikirochi kangapo tsiku loyamba mpaka chizitenga masekondi asanu. Kuti ana asatuluke mu pulogalamu imene mwawapatsa, Android ili ndi App pinning, iPad ili ndi Guided Access. Ntchito ya pa tabuleti izikhala ndi chotuluka chooneka: mayankho asanu m'kope, chithunzi chojambulidwa, tebulo lodzazidwa. Kungoti "fufuzani za mapiri ophulika" kumatha ndi ana akukopera ndime imene sanaiwerenge.

Lembani nambala pa tabuleti iliyonse, pa chaja chake ndi pa malo ake osungira, ndipo awiri omwewo azitenga nambala yomweyo nthawi zonse kuti chikawonongeka mudziwe pofunsa. Tchajani madzulo kapena m'mawa kwambiri, osati phunziro litayamba. Musazisiye padzuwa kapena kuziunjika zikutchajidwa, ndipo tabuleti imene yayamba kufufuma kumbuyo ichotsedwe nthawi yomweyo, chifukwa batire lake litha kuyaka.

Musaiwale mwana wosaona bwino ndi wosamva bwino. Woyambayo mukulitsireni zilembo kapena mumuyatsire TalkBack kapena VoiceOver zimene zimawerenga mokweza za pa sikirini. Wachiwiriyo akhale kutsogolo, vidiyo ikhale ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo musalankhule mutafulatira kalasi kapena muli mumdima mmene sangaone milomo yanu.

Za mapulogalamu a AI monga ChatGPT tingonena mwachidule. Atha kukuthandizani kupanga mafunso khumi oyeserera m'kanthawi kochepa, koma amalakwitsa molimba mtima, choncho funso lililonse mulisove nokha lisanafike kwa ana. Musalembemo mayina a ophunzira, malikisi awo kapena za umoyo wawo, ndipo zithunzi za ana zisapite pa WhatsApp kapena Facebook popanda chilolezo cha makolo ndi cha sukulu.

Tsiku lina chipangizo chidzakana ndithu. Dziikireni malire a mphindi ziwiri: zikapanda kutheka m'mphindi ziwirizo, siyani, mutenge choko. N'chifukwa chake mafunso a Plickers muzikhala mutawalembanso papepala kuti ana avote ndi zala pachifuwa, chala chimodzi A, ziwiri B, ndipo chithunzi chachikulu cha phunzirolo chikhale choti mutha kuchijambula pabolodi. Chingwe chokanikacho mudzachiona ana atatuluka.

Patatha masabata anayi kapena asanu, tengani mafunso asanu a mutu umene munaphunzitsa ndi chipangizo, muwafunse mosawachenjeza, pa pepala. Kusangalala kwa ana tsiku la vidiyo sikukuuzani zambiri. Pepalali ndilo likuuzeni. Ngati ambiri akunenabe kuti babu loyamba limadya magetsi, bwererani ku gawo la kulosera ndi kufotokoza, muone ngati mwana aliyense analembadi yankho lake switchi isanatsekedwe, kapena ngati munafulumira kuwauza yankho.